Kasupe Wophikira Mazira

"Makiyi, mulamu," anatero Wilbroad, dzanja atatambasula kale.

Mkulu wake, Boniface, anali atangoikidwa m'manda dzulo lake, tenti ya maliro ikadali pabwalo ku Libuyu. Mipando ndi wailesi achibale anali atagawana, misozi isanaume n'komwe. Chotsala chinali Landirova yakale imene malemuyo ankanyamulira azungu otopa ndi kuona mathithi, kupita nawo kuchigwa, kumigodi ya malasha imene inatsekedwa kalekale.

Lillian, mkazi wamasiyeyo, anafumbata makiyiwo. Zaka zonse za ukwati wawo ankangomva nkhani: mitengo yosanduka miyala, kasupe wowira amene anthu amaphikiramo mazira. "Tizayenda pa month end," ankatero Boniface. Mwezi unkatha, wina n'kuyamba.

"Munipeleke kwamene banali kuyenda," anatero Lillian. "Nikaona, motoka ni yanu."

"Kulibe vilivonse kuja, mulamu. Ni fumbi chabe."

"Fumbi yamene iyo nifuna kuiona."

Anapita, Wilbroad akuyendetsa. Mitengo yamiyala ija inalipodi, itagona m'udzu, makungwa akuoneka bwinobwino. Lillian anaisisita, misozi ili mbwembwembwe. Mwamuna wake sankanama, ndipo zinamuwawa kuti waiona iye kulibe.

Wilbroad anafuna kubwerera pomwepo. Lillian anakana, poti kasupe anali asanamuone.

Pakasupepo pankafuka nthunzi yonunkha. Mayi wina ankavuula kabasiketi ka mazira m'madzimo. Atamva injini anadzuka akumwetulira, n'kukonza chitenje chake. Kumwetulirako kunazima ataona amene ali pachiwongolero.

"Ba Wilbroad, nanga bakulu banu bali kuti?"

Lillian anacheukira mlamu wake. Kani ankadziwana! Fumbi limene Wilbroad ankanena lija ndi limeneli.

Lillian anafuna kutsika, koma chitseko cha mbali yakeyo chinali chovuta, chinakana. Kamtsikana ka mayiyo, ka mphumi yotakata ngati ya Boniface, kanabwera kakuthamanga. Kanakokera chogwirira m'mwamba n'kugunda chitseko ndi bondo, ndendende mmene ankachitira malemu mwini galimoto. Chinatseguka.

Osayang'ana n'komwe amene wakhalapo, kanapisa dzanja pansi pa mpando, pakati pa mapazi a Lillian, n'kutulutsa kapaketi ka maswiti kosatsegula.