Nshawa za Fabian

"Onani nthenga izi, Perpetua! Mbalame imathothoka yokha chonchi?"

Ezekiel anagwada pakhonde, akutola nthenga pansi pa khola la chinkhwe. Mbalameyo inali ya mlamu wake Fabian. Masiku a Chitaganya amenewo awiliwa anagwila limodzi nchito ku migodi ya ku Halale, koma Fabian anafela komweko ndi chifuwa. Ezekiel anabwela ku Petauke ndi bulangeti la malemu ndi chinkhwecho, chimene chinkaseka ndendende ngati mwini wake. Tsopano chinali chitafooka, chikungomwa madzi osalekeza.

"Ndimachipatsa mapapaya ndi chimanga chachiwisi, monga anandiuza Fabian," anatelo Ezekiel. "Koma ndikabwela kumunda ndimapeza mapazi pano. Mapazi a amai anu."

"Mukuti amai akuthila mankhwala?" anafunsa mkazi wake Perpetua.

"Sindinatelo. Koma tsiku ndinafika nacho analila n'kuthawa. Akuti ndinasinthanitsa mwana wawo ndi mbalame."

"Ndani wakuuzani?"

"Maso awo."

"Maso amene simuwayang'ana n'komwe!" Perpetua anawomba m'manja. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo. Mukanena zimenezo pabwalo, mumange katundu, msewu wa kwanu ku Nyimba mukuudziwa."

Zoona, mkamwini alibe pakamwa. Ezekiel ndi apongozi ake, amai Keziah, ankapatukilana panjila mwaulemu, ndiye akanawafunsa bwanji? Mtima unamuwawa, nayamba kukayikila ngakhale ndiwo zochokela kunyumba kwawo.

M'mawa mwake ananyamula khasu ngati wopita kumunda, n'kukabisala kuseli kwa nkhokwe. Posakhalitsa, si awo amai Keziah, akuyenda monyang'ama, kanthu katamangidwa pansonga ya chitenje! Ezekiel anafinya mpini wa khasu.

Mayiyo anakhala pansi pafupi ndi khola namasula mfundo. Zinali nshawa zokazinga, zoyela mbuu ndi mchele.

"Idya, Fabian mwana wanga," ananong'ona. "Ndakuthilila mchele wambili, muja umakondela. Waonda bwanji? Mlamu wako akukudyetsa mapapaya ngati mwana wamasiye."

Chinkhwe chinatola nshawa imodzi, kenaka chinaseka kuseka kuja kwa Fabian. Amai Keziah anaseka nawo, misozi ili chuchuchu.

Ezekiel anachita manyazi osaneneka. Anakumbuka mau a Fabian ku komponi ya ku migodi kuja: "Chilichonse mungachipatse, alamu, koma mchele ayi. Umapha."

Masana anaitana mkazi wake.

"Mukauze amai kuti nshawa azibweletsa zosathila mchele. Mchele ndiwo ukuchidwalitsa."

"Ndikawauze kuti akhala akupha mwana wawo kachiwili?"

Ezekiel ananyamula khola lija, naliika m'manja mwa Perpetua.

"Ayi. Mukawauze kuti mkamwini walephela kulela. Chizikagona kwawo. Koma muwauze kuti ku Halale adokotala anamuletsa mchele Fabian, ndiye nshawa zake asamathile mchele."