Chala cha a Eulogio

"Chikwama chanu ndalongedza kale, bambo," anatero Wilber akusuzumira kumsewu. "Basi ya ku Lima siyidikira munthu."

A Eulogio anangoyang'ana kukhola. Chiikireni maliro a akazi awo, a Fortunata, mwana wawoyu nyimbo yake inali imodzi: nkhalamba singakhale yokha kumapiri kuno. Koma mkuluyo mtima unali pa nkhosa zake ndi munda wa mbatata, ndipo mzinda wa Limawo ankauopa ngati chipatala.

Hilaria, mlongo wake wa Wilber wokwatiwa m'mudzi momwemo, anatuluka m'nyumba ndi timitengo tolukira ta amayi awo. Pa timitengopo panali kalamba ka m'chiuno kofiira, kongoyamba kumene kulukidwa.

"Achimwene, aka sitingakasiye chonchi. Ntchito yosatha mwini wake amabwerera kudzaifuna. Mukufuna amayi akakupezeni ku Lima?"

Wilber, amene ankati sakhulupirira zoterezi, anacheuka kaye. "Ndiye malizitsa msanga. Sikangakufikitse masana aka."

Hilaria anadzimanga mbali imodzi ya ulusi m'chiuno, inayo n'kukoleka pamzati wa khonde.

"Osati pamenepo," anatero a Eulogio. "Amayi ako ankati mzati sudziwa kukoka."

Anavula nsapato ya tayala n'kutambasula mwendo. Chala chachikulu chinali ndi mzere wolowa, ngati khosi la mbuzi ya pachingwe. Mudzi wonse unkachidziwa chala chimenechi. Anzawo akamapita kumowa, iwo ankatsala pakhonde atamangiriridwa ku ulusi wa a Fortunata, akudandaulira aliyense wodutsa kuti anakwatira wapolisi.

Hilaria anakoleka ulusi kuchalacho, kenako anamasula mpukutu wotsala kuti aone kutalika kwake. Unamasuka, kudutsa pabwalo, kuzungulira khola, osatha.

"Lamba ameneyu ngwa munthu kapena womangira phiri?" anafunsa Wilber.

"Ulusiwu amayi anauyala akudwala kale," anatero Hilaria. "Anati ndiziluka modekha, ndisawawonongere maluwa. Ndiye manja angawa mukuwadziwa kulemera kwake. Mwina ndidzamaliza tikadzakumba mbatata. Za chaka chinacho."

Basi inaliza hutala kumsewu. Wilber anayang'ana chikwama, anayang'ana ulusi uja, n'kuseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinathe pamene kuseka kunatha.

"Pita, mwana wanga," anatero a Eulogio ndi mawu awo odandaula a masiku onse. "Ukudzionera wekha. Andimanga."

Anabweza phazi pang'ono, ulusi n'kukungika bwinobwino, monga mmene a Fortunata ankafunira.