Duwa la M'kabowo ka Inki

Mlotamasana anafika pachipata cha sukulu belu la masana lisanalire, malaya atasita bwino, duwa lofiira lili m'manja. Msuweni wake wamkazi ankabwera pambuyo akupuma mwawefuwefu.

"Iwe, mayeso unalemba, unamaliza. Ukufunanso chiyani kuno? Unaiwala mutu m'kalasi?"

"Ndikufuna ndimuone basi. Kamodzi kokha."

"Umuone ndani? Munthu wopanda dzina, wopanda nkhope? Mwamuna wanga iwe, ukanangokwatira ine msuweni wako, nkhani ikanatha kalekale."

Sukuluyi inali ya boma, pakatikati pa mzinda, ndipo ana anachuluka moti ankaphunzira mosinthana, ena m'mawa, ena masana. Desiki iliyonse inali ndi eni ake awiri osadziwana. Ya Mlotamasana inali ya thabwa lolemera, yokhala ndi kabowo komwe akale ankaikamo botolo la inki. Tsiku lina m'mawa anapeza duwa m'kabowomo. Analitenga n'kuikamo lake. Mawa lake anapezamo lina. Zinayenda choncho chaka chathunthu. Mwini maluwawo anamupatsa dzina loti Wamasana, n'kumupangira maso, mawu, ngakhale kasekedwe. Koma belu likangolira ankathawa, poopa kuti mtsikanayo akaona nsapato zake zoyasamula, maluwa atha. Ankangoti adzamudikira mayeso akadzatha.

Atalowa m'kalasi muja anaima chilili. Munkanunkha penti. Munali matebulo achitsulo atsopano, osalala, opanda kabowo ngakhale kamodzi.

Pakhomo panadutsa a Kalekale, mphunzitsi wa mbiri yakale, amene ana anawapatsa dzinalo chifukwa nkhani yawo iliyonse inkayambira pomwepo.

"Aphunzitsi, madesiki aja ali kuti?"

"Kukubwera akuluakulu kudzakumbukira tsiku lomwe sukulu ino inatsegulidwa, ndiye atigulira atsopano. Kalekale, mwana wanga, muno munkakhala ana ochepa moti mphunzitsi ankadziwa ndi mayina a agalu akwawo omwe. Kuholo kunali piyano. Kuseri kuja kunali dziwe losambiramo, madzi ake mbee! Madokotala, oweruza milandu, onse anakhalapo pa madesiki amenewo..."

"Koma ali kuti, aphunzitsi?"

"M'dziwemo. Galimoto ikubwera kudzawatenga."

Mlotamasana anafunsanso: "Nanga amene ankakhala pa desiki yanga masana? Ya kumbuyo, pawindo."

A Kalekale anaseka mopanda chimwemwe. "Uziti anthu amene ankakhala. Masana amakhala atatuatatu pa desiki imodzi, anyamata ndi atsikana, aliyense pomwe wapeza. Ndipo a m'kalasi muno anali omaliza ngati iwe. Mwalembera limodzi mayeso m'holo muja. Anapita."

"Heee!" msuweni uja anaomba m'manja. "Mwina Wamasana wakoyo ali ndi ndevu! Ndinkakuuza ine, mbewa yamanyazi inafera kuuna."

Mlotamasana sanamve n'komwe. Ankaganiza za holo ija. Ndiye kuti masiku onse a mayeso Wamasana anali momwemo, mwina kutsogolo kwake, mwina ndi uja anamubwereka rula. Iye maso ali papepala.

Anathamangira kuseri. Dziwe lija linauma iye asanabadwe, pansi pake panang'ambika n'kumera udzu. Madesiki anawaunjika momwemo, miyendo m'mwamba ngati ng'ombe zakufa ndi mliri. Anatsikiramo n'kuyamba kugubuduza imodziimodzi. Iliyonse inali ndi kabowo ka inki. Iliyonse inali ndi mayina ogobedwa ndi misomali, mayina a anthu amene pano ali ndi zidzukulu. Malaya osita aja anada ndi fumbi.

Belu linalira. Ana a masana anakhamukira pachipata ngati madzi osefukira, onse yunifolomu yofanana. Galimoto yaikulu inabwerera chammbuyo mpaka m'mphepete mwa dziwe, anthu aganyu n'kuyamba kukweza.

"Achimwene, tapatukani, tikugwira ntchito!"

"Msuweni." Mawu a msuweni wakeyo tsopano analibe chipongwe. "Taona uko."

Pakona ya dziwe panali desiki imodzi yoimikidwa bwino, yopukutidwa fumbi. M'kabowo kake munali duwa loyera. Linali litangoyamba kufota ndi dzuwa.

Mmodzi wa aganyu anaona pomwe ankayang'ana. "Ameneyo ndi mtsikana wina, anabwera m'mamawa ife tikuunjika madesikiwa. Ankafunsa za anyamata a m'mawa. Wakhala pamenepo mpaka dzuwa lamuwotcha, kenako wapita."

"Walowera kuti? Ndi wotani? Wamtali?"

"Aaa, achimwene, ife timayang'ana madesiki. Mtsikana basi."

Mlotamasana anayang'ana kumsewu. Minibasi zinkadutsa, anthu ali pikitipikiti, mzinda wonse ukuyenda osamudikira. Iye anabwera masana kudzafuna wa masana, pomwe mnzakeyo anabwera m'mawa kudzafuna wa m'mawa.



Mlotamasana anatenga duwa loyera lija n'kuliika m'thumba la malaya. M'kabowomo anaikamo lake lofiira, monga ankachitira masiku onse. Aganyu awiri ananyamula desikiyo, wina uku wina uku, n'kuiponya m'galimoto pamwamba pa inzake.