Tsiku Limene Bento Anatsika Basi

"Pondani bwino, pali ngalande," anatero Inês atagwira chigongono cha mwamuna wake.

"Ngalande imeneyi ndimaidziwa kuposa inu, mayi a Nelsa," anayankha Venâncio. "Inu mumangoiona, ine ndinagonamo."

Kumbuyo kwawo Olímpio, mng'ono wake wa Venâncio, ankakankha njinga, chikwama cha mkulu wakeyo atachimangirira kale pakaliyala. Anali atafika dzulo lake kuchokera ku Molumbo kudzamutenga. Inês sankafuna n'komwe kucheuka, kuopa kuchiona chikwamacho.

Nkhondo itafika pa Milange, Inês anathawira ku Malawi mwana wawo Nelsa ali kumsana, Venâncio n'kusowera kutchire. Mtendere utabwera, mkaziyo anabwerera ndi lona la kukampu ndi makasu awiri. Anapeza mwamuna ali moyo, koma maso atapita ndi bomba lokwiriridwa m'munda. Zaka zosaonana zija zinawasandutsa alendo m'nyumba imodzi. Inês anaumba njerwa, anafolera, analima chinangwa. Venâncio ankangokhala pakhonde kumvetsera nkhuku. Chinkamudya mtima n'chakuti mudziwo unali wa kuchikazi.

"Mkamwini wosagwira khasu ndi nankafumbwe," ankatero. Ndipo tsiku lina anangolengeza kuti novela, sewero la pakanema limene ankaonera, ikatha apita kwa mlongo wake ku Molumbo.

Novelayo inkaonetsedwa Lamulungu masana m'chisakasa cha Armindo, kuseri kwa msika. Armindo anali ndi kanema wamng'ono, batire la galimoto lomwe ankakatchajitsa ku Muloza, ndi makaseti ojambulidwa ku Quelimane, okalamba moti nkhope za anthu zinkabiriwira. Dzina lenileni la novelayo, yomwe inali ya Chipwitikizi, palibe ankalisamala. Onse ankangoti "ya Marilda", mkazi wosoka zovala amene anadikira mwamuna wake Bento zaka zambiri.

Inês Chipwitikizi chake chinathera pa moni, pomwe Venâncio, amene anaphunzira ku mishoni, ankachimva ngati akumwa madzi. Choncho mkazi ankanong'oneza zimene akuona, mwamuna n'kumanong'oneza zimene zikunenedwa. Kunyumba mawu awo anali a mchere ndi nkhuni basi, koma m'chisakasamo ankalankhulana mpaka kukhosi kuuma. Inês sakanaiwala tsiku limene mbuzi ya m'kanemamo inadya chophimba kumutu cha mkwatibwi. Atamufotokozera, Venâncio anaseka mpaka kugwa pabenchi, kuseka kwake koyamba chibwerere mkazi wake. Panalinso tsiku limene Bento anatuluka m'ndende atayera tsitsi, Marilda n'kumupatsa madzi ngati munthu wapaulendo, osamuzindikira. Tsikulo pobwerera kunyumba, Venâncio ndi amene anayamba kufufuza dzanja la mkazi wake.

Tsono lero kaseti inali yomaliza.

"Afika aja!" anafuula Armindo pakhomo. "Lowani, munthu mmodzi. Maso kutsogolo, makutu pambuyo."

"Lero mutipumitseko manong'onong'o anuwo," anatero Leonor, mayi wa mandasi, amene Lamulungu lililonse ankadandaula koma sankakhala pena kupatula kumbuyo kwawo. Kenaka anaona njinga ndi chikwama panja, ndipo anasendera mwakachetechete kuwapatsa malo. Nkhani ya ulendowo msika wonse unkaidziwa.

Kanema anayamba. Bento anali atalandidwa munda, ndipo anaima pamalo okwerera basi, Marilda ali pambali pake.

"Wanyamula chikwama chachikopa," ananong'ona Inês. "Mkaziyo wavala diresi lija la maluwa."

"Akuti, ine ndilibe chokupatsa," anamasulira Venâncio. Mawu ake anatsika. "Akuti, ndangosanduka katundu pamutu pako. Ndisiye ndipite."

Zitatero mawu anatha, kunangotsala nyimbo, kulira kwa injini ndi kusisima kwa Marilda. Inês anaona Bento akukwera, chitseko chikutsekeka, basi ikunyamuka, Marilda atatsala m'fumbi manja ali lende. Anakwiya naye Marilda chifukwa chongoima ngati chitsa, kenaka anazindikira kuti nayenso miyezi yonseyi anangoima chimodzimodzi.

"Chikuchitika n'chiyani?" anafunsa Venâncio. "Mwakhaliranji chete?"

"Watsika," anatero Inês.

"Ndani?"

"Bento. Marilda wamukoka malaya, wamulanda chikwama." Sanalinso kunong'ona. "Akumuuza kuti nyumba ija anamanga yekha, inde, koma sanamangire mileme. Akuti munda angathe kulima yekha, koma kuseka yekha sangathe. Akuti kudikira kuja sanali kudikira khasu."

"Ine sindikumva mawu amenewo."

"Akunena ndi maso."

Aliyense ankamuona Bento pawindo la basi, akucheperachepera kumka kutali. Inês anagwetsa nkhope, kudikira kuti wina aphulike ndi chiseko.

"Watsikadi," anatero Leonor mwamphamvu. "Onani mmene wachigwirira chikwamacho, mkazi ameneyu!"

"Watsika ndithu," anavomera Armindo. "Ineyo mwini kanema ndaona."

"Pronto, watsika!" anatero mkulu wina pakona, ndipo mawuwo anayenda benchi ndi benchi. Anthu amene anagona m'makampu ndi m'mapanga, amene ankadziwa bwino mmene basi yonyamuka imaonekera, anayamba kuwomba m'manja. Olímpio anatsegula pakamwa kuti akonze nkhani, koma Leonor anamuponda phazi, mawuwo n'kubwerera m'mimba. Inês misozi inangoti mbwembwembwe. Anawathokoza mumtima mmodzimmodzi, ngakhale aja ankakangana nawo pachitsime.

Atatuluka, dzuwa linali likadalipo. Olímpio anagwira njinga n'kunena kuti akafulumira akagona panjira kwa msuweni wawo. Venâncio sanasunthe.

"Mayi a Nelsa," anatero, "maso ndinataya, koma makutu bomba lija linandisiyira. Chitseko cha basi chija chinatsekeka, sichinatsegukenso. Ndipo mkazi uja walira yekha mpaka nyimbo kutha."

Inês anachita manyazi mpaka kumapazi. Koma poti madzi anali atatayika kale, analimba mtima.

"Ndiye mukuti bwanji?"

"Ndikuti Bento wa m'kanemayo ndi chitsiru." Chala chake chinkasisita mutu wa ndodo. "Wanuyo ndiye ndamukonda. Mawu aja a mileme, analidi a Marilda?"

"Mwawamva nokha. Chinyanja Marilda anachiphunzira kuti?"

Venâncio anaseka, kuseka kuja kwa tsiku la mbuzi, kenaka anapukuta nkhope ndi chikhatho.

"Olímpio, masula chikwamacho."

"Achimwene! Ndapalasa njinga kuchokera ku Molumbo, matako kutupa, kuti ndidzangoonera kanema?"

"Waonera yabwino. Ukawauze achemwali kuti ndatsika."

"Musadandaule, alamu," anatero Inês. "Mugona konkuno, mawa munyamula nyemba ndi nkhuku. Njinga isabwerere yopanda katundu."

Armindo, amene ankamasula mawaya pabatire, anasuzumira pakhomo n'kunena kuti makaseti ena ali m'njira, novela yaitali yoti idzafika mpaka nthawi yokolola. Leonor anati ngati ndi choncho manong'onong'o apitirire, poti iye popanda awiriwa amangoona anthu akutafuna milomo. Inês anatembenukira kwa Leonor kuti amuthokoze. Anangomugwira dzanja ndi manja awiri, Leonor n'kumukankha kuti azipita.

Anasenza chikwama chija pamutu, dzanja lina n'kugwira chigongono cha mwamuna wake.

"Mawa mundikhazike pankhokwe," anatero Venâncio ali m'njira. "Kukonola chimanga sikufuna maso."

"Chimanga chilipo chambiri. Pondani bwino."

"Ndikudziwa, pali ngalande," anatero iye. Koma chigongonocho sanachichotse.