Wodwala Alibe Mano

Azakhali a Regina anaphwanya theka la asipirini pasupuni, kenako anadonthezapo madzi ndi chala. Ankachita mofatsa ngati akuthira mchere m'ndiwo za alendo.

Anastasia ankangoyang'ana atatsamira khoma. Mwamuna wake, Rafaeli, anaikidwa dzana, ndipo chiyambire tsikulo thupi lake linali la eni ake: akati khala apa, ankakhala, akati lira, ankalira. Anatopa mpaka m'mafupa. Pamiyendo pake panali Alinane, khanda losakwana miyezi iwiri, thupi lili juu ngati mbatata yongophula kumene. Kuyambira m'mawa mwanayo ankakana bere.

"Azakhali, bwanji ndithamange naye kuchipatala ku Gulupu?" anafunsa ndi mawu osasa.

"Namfedwa kuthamanga?" Azakhaliwo, amene anali mlongo wa bambo ake a Rafaeli, sanadzutse n'komwe mutu. "Mwambo wa kusesa ndi mawa. Usanametedwe sutuluka pakhomo pano. Ukufuna kwathu ku Phalombe akatinene chiyani? Ana anga onse anakulira komweka, kachidutswa basi."

Hawkins, mkulu wake wa Rafaeli, anaima pakhomo akuseweretsa makiyi a hokala ya malemu. Anawatenga maliro asanatuluke m'nyumba, ati kuopa akuba, ndipo lero anali atatsegula kale. Mbewu ya asipiriniyo anabwera nayo ndi iyeyo.

"Alamu, tamverani akuluakulu," anatero. "Mwana wangomva chipwirikiti cha malirochi. Amwe, agone, mawa tiona."

Zipani zitachuluka, mahokala nawonso anamera ku Bangwe ngati bowa, aliyense akugulitsa sopo, machesi ndi mankhwala a mutu, mbewu imodziimodzi. Rafaeli yekha ndiye ankavuta. Munthu ukafika kuti ukufuna za kutentha thupi, iye asanagwire botolo ankayamba wafunsa: "Wodwalayo ali ndi mano?" Ukati ndi mwana woyenda, ankakubwezera ndalama yako n'kukuuza kuti asipirini si wa ana, ukafunse oyenera kuchipatala. Koma likakhala khanda la kumsana, ankatuluka m'hokalamo, n'kukaniza kamlomo ka m'munsi ka mwanayo ndi chala chaching'ono kuti aone nkhama. Akapeza kuli mbee, ankatsitsa thabwa la pawindo, kukhoma, kutenga ambulera yake yakuda ndi kuperekeza mayiyo mpaka pasiteji, makasitomala akudikira padzuwa. Anthu ankamuseka, akumutcha Dokotala Mano. Hawkins ndiye ankaseka kwambiri. Ngakhale Anastasia anakalipapo kangapo, chifukwa ufa sugulidwa ndi chifundo.

"Tamugwira bwino mutuwo," anatero azakhali akusendera pafupi.

Anastasia anamugwira. N'zochititsa manyazi kunena, koma anamugwiradi. Mtima wake unkangofuna kuti pakhale bata, mwana asiye kubuula, anthu asiye kumuuza zochita, iye atsekeko maso pang'ono. Supuni inayandikira. Kuti mankhwala alowe, anakaniza kamlomo ka Alinane ndi chala chaching'ono.

Chalacho chinakhudza nkhama zofewa, zotentha, zopanda kanthu.

Kenako anaphimba kakamwa ka mwanayo ndi chikhatho.

"Alibe mano," anatero.

"Ukuti chiyani?"

"Wodwala alibe mano, azakhali."

Sanakweze mawu, mphamvu zake anazitenga kuti? Anadzuka pang'onopang'ono atagwira khoma, anamasula chitenje cha m'chiuno n'kubereka mwana.

"Ukatuluka apa, zikakugwera usatchule ine!" Azakhali anali chiimire, supuni ili m'malere. "Mwambo suusewera, mwana iwe. Hawkins, tamuuza mlamu wakoyu!"

"Tsitsi ndi langa, mudzalimeta ndikabwera," anayankha Anastasia. "Ndaika mmodzi sabata ino. Wakwana."

Anafika pakhomo pomwe Hawkins anatsekereza. Bamboyo sanayang'ane Anastasia. Maso ake anali pachala chija, chimene chinali chikadali chonyowa ndi malovu a mwana. Makiyi anasiya kulira m'manja mwake. Anapatuka.

Panja dzuwa linali litakwera, ndipo phulusa la moto wa pamaliro linkauluka pabwalo. Amayi amene ankatsuka mapoto obwereka kutchalitchi anasiya kutsuka n'kumamuyang'ana. Wina anatsokomola dala. Anastasia anadutsa pakati pawo opanda nsapato zabwino, atangopondera mapatapata a malemu. Siteji inali kutali, ndipo sankadziwa ngati miyendo yake ikafikako.

Atadutsa hokala, anamva phokoso kumbuyo kwake: thabwa la pawindo likugwa, kenako loko. Phokosolo ankalidziwa bwino, moti mtima unadumpha ngati mwini hokalayo wadzuka.

"Achimwene, nanga sopo?" anadandaula mayi wina amene anali pamzere.

"Mudikire," anayankha Hawkins.

Anastasia sanatembenuke. Anangoona mthunzi ukumufika kuchokera kumbuyo, n'kuphimba mutu wa Alinane. Inali ambulera yakuda ija, yothyoka nthiti imodzi, ndipo woigwirayo ankaipendeketsa molakwika, ngati munthu amene akuphunzira kumene.