Miyendo ya pa Msika

Ku Matundo konse, mumzinda wa Tete, kunalibe munthu wodziwa kusewera Nyakulumpha kuposa a Custódio, ndipo kunalibenso munthu wowanyoza masewerawo kuposa iwo omwewo. Dzinalo analipeka okha, chifukwa pa kaseti panalembedwa zilembo za kutali zomwe palibe ankatha kuziwerenga. Anali masewera a pa kanema aja a kamunthu kothamangira kumanja, kolumpha maenje ndi mipanda kuti kakafike kumapeto nthawi isanathe. Kamakina kake anakagula ku Limbe m'masiku othawa nkhondo, ndipo pobwerera mu 1994 anakakulunga m'bulangete n'kukafungata ulendo wonse, mapoto a akazi awo akuwombana kumbuyo kwa lole.

Panadutsa zaka khumi, zisanu ndi ziwiri. Malasha a ku Moatize anadzaza Tete ndi malole, alendo ndi fumbi, a Custódio n'kupeza ntchito yoyendetsa thanki yothira madzi m'misewu ya ku mgodi. Kanema wa m'nyumba anasinthidwa katatu, koma kamakina kanali komwe kaja, chingwe chake chomatamata ndi tepi. Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi ankakhala pa mpando wawo wa pulasitiki, zala pa mabatani, pakamwa posatseka.

"Taonani chitsiru ichi, chagwera m'madzi a m'mawondo n'kufa! Amene anapanga jogu imeneyi sanaonepo Zambezi. Nanga munthu angathamange tsiku lonse padzuwa osapeza ngakhale mthunzi wa mlambe? Akanaika popumira. Ndipo bwanji sabwerera m'mbuyo? Ukaiwala chipewa ndiye chapita basi?"

Akazi awo, a Belmira, anasiya kalekale kuyankha. Amene ankamvetsera anali mwana wawo Ivone, yemwe anakulira pafupi ndi mpando umenewo. Tsopano anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, akumaliza maphunziro a makompyuta tsidya lina la mtsinje wa Zambezi, akukhala kwa azakhali ake komweko.

Lamlungu lina masana Ivone anatulukira ndi chikwama kumsana, nkhope ili ngati ya munthu wobisa nyama m'thumba.

"Papá, zimitsani Nyakulumpha wanuyo. Sesta-fera, Lachisanu likubwerali, ndili ndi defeza, ndikaonetsa ntchito yanga kwa aphunzitsi kuti ndimalize sukulu. Ndapanga jogu yangayanga. Muyambe ndinu kuisewera."

Anatsegula kompyuta, n'kuwapatsa bambo ake kachogwirira ka mabatani. A Custódio anapukuta manja pa buluku kawiri asanakalandire.

Abale, zimene anaona! Kamunthu kanayambira pa Matundo pomwepa. Mlatho unalipo, malole a malasha ali mndandanda pamwamba pake. Mbuzi zinalipo, zikudutsa mumsewu mopanda ulemu monga zimachitira mbuzi za ku Tete. A Custódio anagwetsera dala kamunthuko mumtsinje, ndipo kanasambira. Anakabweza m'mbuyo, kanabwerera. Patsogolo panali mlambe, ndipo kamunthu kataima pamthunzi mphamvu zake zinabwerera. Mtima wa a Custódio unali m'malere. Anafuna kudzuka kuti aitane msewu wonse udzaone zimene wapanga mwana wawo. Koma pakamwa pozolowera n'povuta, ndipo chimene chinatuluka chinali china.

"Mbuzi iyi miyendo yafupika. Ndipo lole yodzaza malasha siilira choncho, imabuula."

Ivone anangomwetulira pang'ono, n'kunena kuti apitirize.

Gawo lachitatu linali la pa msika. Amayi asanu anakhala pansi m'njira, mabeseni a masau pambali, miyendo atatambasula. Woyambayo anali ndi khanda logona pamiyendo. Chala cha a Custódio chinadina chokha, kamunthu n'kuuluka pamwamba pa mayi ndi mwana yemwe.

"Ayi!" anakuwa a Custódio.

Aliyense woleredwa bwino amadziwa kuti munthu salumphidwa. Ukalumpha wamkulu ndi chipongwe, ukalumpha mwana akuti sakula, ndipo mankhwala ake ndi amodzi okha, kulumphanso chobwerera. A Custódio anatembenuza kamunthu, n'kukalumphitsa kubwerera kumene kanachokera. Kenako kanangoima pamenepo, njira ili yotsekedwa ndi miyendo, manambala a nthawi akutsika pakona mpaka anatha.

"Papá, mwatani? Lumphani basi, ndi zojambula chabe."

"Zojambulazo wajambula ndiwe, mwana wa kwathu ku Tsangano. Amayi ako anakuphunzitsa kulumpha anthu pa msika? Ukanaika batani lopempha njira. Munthu aime, anene kuti dalisensa, amayiwo apinde miyendo. Ndiponso masau sakhala ofiira choncho. Ndipo nyimboyi ikubwerezabwereza ngati wailesi ya m'shapa, timinibasi tathu tija. Mlathowu wafupika, ine ndimaudutsa tsiku ndi tsiku..."

Anapitiriza. Akanatha kufika madzulo, chifukwa anali pa chisangalalo chachikulu, ndipo iwo akasangalala ndi chinthu ankachisenda ngati chinangwa. Sanaone kuti mwana wasiya kumwetulira mpaka kompyuta inatsekedwa kuti phaa.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikumva mukulira mthunzi, ndaika mthunzi," anatero Ivone. "Kusambira ndaika. Kubwerera m'mbuyo ndaika. Miyezi isanu ndi umodzi, Papá. Inu mwangoona miyendo ya mbuzi. Sesta-fera musavutike n'kubwera."

Ananyamula chikwama n'kutuluka, osamwa ngakhale madzi. A Custódio anatsala kukamwa kuli yasa. A Belmira, omwe ankasankha nyemba pakhomo, sanadzutse n'komwe mutu.

"Lilime lanulo, bambo a Ivone. Nyakulumpha alibe makutu, n'chifukwa chake wakupirirani zaka zonsezi. Mwana ali nawo."

Sabata imeneyo inali yaitali. A Custódio ankathira madzi m'misewu ya ku mgodi, fumbi likugona kumbuyo kwawo, koma mumtima simunagone kanthu. Anaimba foni Lachiwiri, sinayankhidwe. Anaimbanso Lachitatu, chimodzimodzi. Anachita mantha enieni, mantha oti mwana wawo adzamaliza sukulu, adzapita ku Beira kapena ku Maputo, akukhulupirira kuti bambo ake sanaone chabwino chilichonse m'ntchito ya manja ake.

Lachisanu anasinthana tsiku ndi mnzawo Filipe, anavala malaya oyera a kutchalitchi n'kukwera shapa. Pa mlatho anapeza malole atatsekereza njira, dalaivala wa shapa atazimitsa injini n'kuyamba kusenda lalanje. A Custódio anatsika n'kuwoloka wapansi, dzuwa la ku Tete likuwaotcha pa dazi. Pofika ku sukulu malaya anali atamatirira kumsana. Analowa mwakachetechete n'kukhala pa benchi yakumbuyo kwenikweni, kuseri kwa mnyamata wamtali, poti munthu wosaitanidwa sasankha mpando.

Kutsogolo kunakhala aphunzitsi atatu. Wapakati, a Amílcar, anali bambo wa magalasi ndi cholembera chofiira chimene ankachizunguza pa zala. Ivone anafotokoza ntchito yake m'Chipwitikizi chosalala, masewerawo akuoneka pakhoma aakulu ngati chitseko. Kenako a Amílcar anapempha kachogwirira kuti ayese okha. Anawoloka mlatho movutikira, anagundidwa ndi mbuzi kawiri, ophunzira akuseka chamumtima, mpaka anafika pa msika.

"Apa osalumpha, senhor professor," anatero Ivone. "Mukalumpha munthu mubwezedwa poyambira. Dinani batani lachikasu."

A Amílcar anadina. Kamunthu kanaima, kanawerama pang'ono, kanaomba m'manja kawiri, pamwamba pake n'kutuluka mawu akuti "Dalisensa". Mayi uja anakokera khanda pachifuwa n'kupinda miyendo. Chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka, ena akuomba m'manja. Kumbuyo kuja a Custódio analuma chala kuti asakuwe. Mwana uja anawakwiyira, foni osayankha, koma masiku anayi onsewo anali akupanga batani la bambo ake.

Chimwemwe chawo sichinakhalitse. Kupempha njira kunkadya nthawi, ndipo amayi anali asanu. A Amílcar nthawi inawathera pa mayi wachitatu. Anayambiranso, inawathera pa wachinayi. Kachitatu anavula magalasi n'kuika kachogwirira patebulo.

"Ganizoli ndi lokongola," anatero, "koma mwaliika mochedwa ndipo simunawerengere nthawi. Gawo limene munthu sangalimalize ndi gawo lolakwika. Kapena mutionetse inuyo kuti limatheka."

Ivone anatenga kachogwirira n'kuyamba mopupuluma. Sanafike n'komwe pa msika, anagwera pakati pa malole awiri. Cholembera chofiira chija chinasiya kuzungulira n'kutsikira pa pepala.

A Custódio anaona bwinobwino kuti dzenje limeneli analikumba ndi pakamwa pawo. Masewera a mwanayo anali athunthu Lamlungu, ndipo batani lawo ndi limene linkafuna kumugwetsa. Anangozindikira ataimirira.

"Pepani, akuluakulu. Ine ndine bambo wake. Ndimayendetsa thanki ku Moatize. Ndingayeseko?"

Mitu yonse inatembenuka. A Amílcar anayang'ana bambo wa thukuta ndi imvi m'mbali, kenako anayang'ana Ivone. Mtsikanayo anayang'anitsitsa bambo ake. Kenako anatambasula dzanja n'kuwapatsa kachogwirira.

A Custódio anakana mpando wofewa, anakoka wa pulasitiki umene unali pakona. Masewera atayamba, chipinda chinaona zimene Matundo yekha ankadziwa. Sanayende mumsewu wa pa mlatho monga anachitira mphunzitsi, anakwera pa lole yoyamba n'kuthamanga pamwamba pa malasha, lole ndi lole, osaponda phula ngakhale kamodzi. Mbuzi ankazidziwa maganizo zisanatembenuke. Atafika pa mlambe, mthunzi umene anaulirira zaka zonse zija anaudutsa osauyang'ana, kamunthu kali wefuwefu. Ndipo kwa nthawi yoyamba chigulireni kamakina ku Limbe, ankasewera pakamwa pali chete.

Anafika pa msika nthawi ikadalipo. Anaima pa mayi woyamba, anaomba m'manja, anadikira khanda likokedwe, n'kudutsa. Wachiwiri chimodzimodzi. Pa wachitatu ophunzira anayamba kunena nawo mokweza, "Dalisensa!" Pa wachinayi ngakhale mphunzitsi wamkazi wa kumanzere ananena nawo. Manambala pakona anafiira. Mnyamata wamtali uja anaimirira n'kukuwa m'Chinyungwe kuti angolumpha basi, anzake n'kumukhazika pansi. A Custódio sanapupulume. Anapempha njira kwa mayi wachisanu mwaulemu wonse, anadikira mwendo womaliza upindidwe, n'kuthamanga. Kamunthu kanakhudza chipata cha kumapeto patatsala masekondi awiri.

Phokoso lake anthu a m'makalasi ena anatuluka kudzasuzumira pa mawindo. A Amílcar anaseka mpaka kupukuta magalasi ndi tayi, kenako anakhwatcha zimene analemba zija.

"Chabwino, limatheka," anatero. "Koma bambo, inu mukuoneka kuti ndinu katswiri. Tiuzeni, monga munthu wodziwa, mwaonamo zolakwika zotani m'masewerawa?"

Ivone anaweramitsa mutu, mapewa atakwera, monga amachitira munthu woyembekezera mvula yopanda pothawira. Ndipo kunena zoona, a Custódio anali nazo kale zisanu ndi zitatu m'mutu, zitafola bwinobwino, mbuzi ili patsogolo. Zinafika mpaka pa lilime. Anazimeza zonse. Sanayang'ane mphunzitsi, anatembenukira kwa mwana wawo n'kulankhula m'Chinyanja cha kunyumba.

"Ivone, mwana wanga. Mthunzi ndinauona. Kusambira ndinakuona, ndinagwera dala m'madzi kuti ndione. Zonse ndinaziona tsiku lomwe lija, ndipo ndinasangalala mpaka kusowa chonena, ndiye ndinanena zopusa. Ine ndasewera zinthu zimenezi zaka zambiri, koma chokoma ngati ichi sindinachigwirepo m'manja mwanga. Wapanga chinthu chabwino, mwanawe. Ndikunyada nawe."

Mphunzitsi wamkazi uja anayamba kumasulirira anzake chonong'ona, koma a Amílcar anakweza dzanja kuti asavutike, amva.

Ivone anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Kenako anaseka misozi ili mbwembwembwe.

"Papá, ndikukudziwani. Zilipo zingati?"

A Custódio anayang'ana pansi mwamanyazi. "Zisanu ndi zitatu."

"Musunge. Ndibwera domingu mukachoka kutchalitchi, ndi kope, mudzandiuze zonse."

"Ubwere ndi lalikulu," anatero a Custódio, mwana wawo atawakumbatira kale, malaya a thukuta omwewo.