Mlendo M'nyumba Yake Yomwe

A Laiton ndinawadziwa kale, tauni ya Hwange ikadali kutchedwa Wanki, tonse tikadali ndi tsitsi. Ine ndine Sabiti, telala wa pakhonde ku Lwendulu kuno ku Hwange, ndipo theka la mathalauza a m'tauni muno linadutsa pa makina anga. Anthu ouma mutu ndawayeza ambiri ndi tepi yangayi, koma wofika pa a Laiton sindinamuone.

Iwowa anachoka kwawo ku Dedza ali mnyamata, wapansi, kulondola malume awo amene ankakumba malasha kuno. Anadutsa ku Tete nsapato atazikoleka m'khosi kuopa kuti zingathe, ndipo anafika ku Wanki nsapato zili zatsopano koma mapazi atang'ambika. Malumewo ndi amene anawapezera ntchito mumgodi, kuwagulira bulangete loyamba ndi kuwaphunzitsa Chilapalapa, chilankhulo cha mumgodi, chokalipira ngolo ikakana kuyenda. Mu 1972 mgodi wa Kamandama utaphulika, malume aja anatsalira pansi pomwepo. Kuyambira pamenepo a Laiton analibenso wachibale m'dziko lino.

Sanagwe mphwayi. Mashifiti amene anzawo ankawathawa iwo ankawalowa, mpaka anakhala kapitawo. Anakwatira mayi Annah, wa mtundu wa kuno wa Anambya, wa ku Lukosi, n'kubereka anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi, chitsiriza, dzina lake Shylet. Podziwa kuti nyumba ya kampani umaisiya tsiku lopuma ntchito, anapeza malo ku Empumalanga n'kumaumba njerwa okha Loweruka lililonse, anzawo ali kumowa. Nyumba inatha, yamalata, yakhonde lofiira. Anyamata aja anaphunzira n'kubalalika, wina ku Botswana, awiri ku Joni. Koma mukanawafunsa a Laiton, akanakuuzani kuti iwo ndi mlendo chabe kuno, ndipo mlendo ndi mame.

Nkhani inabuka mu 2005, mnyamata wina wa Chindebele wokonza magetsi, dzina lake Privilege, atafuna kukwatira Shylet. Anatuma abambo ake aang'ono, a Sunday, kuchokera ku Lupane kuti adzakambe za malowolo. A Sundaywo anali munthu wamkulu thupi, wodekha, wovala suti yakuda. Chaka chimenecho mafuta a galimoto sankaoneka, makombi, maminibasi a kuno, anali ataima, aliyense ankayenda wapansi. Dzuwa la ku Hwange nalonso silimvera chisoni munthu wa suti.

A Laiton anandiitana kuti ndikhale womasulira, chifukwa iwo akakwiya Chindebele chimawathawa. Tinakhala pabalaza, a Sunday n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Tabwera kudzapempha chibale chabwino kwa mwini mwana," iwo anatero.

"Pepani, mwasochera," anayankha a Laiton. "Ine ndine bambo chabe. Mwini mwana ndi malume ake, a Fideli, mlongo wawo wa amayi ake. Ali ku Ingagula."

Ndinamasulira, ndipo a Sunday anandiyang'ana ngati ndamwa, chonsecho mowa sindiulawa. Koma ine ndinawamvetsa a Laiton. Kwathu, kwa Achewa ngakhale kwa ife Ayao, mwana ndi wa kuchikazi. Bambo amabereka ndi kudyetsa, koma ikafika nkhani ya ukwati amakhala kumbuyo, olankhula ndi malume. Kuno n'zosiyana, munthu ukapereka ng'ombe ana ndi ako. A Laiton ng'ombe anapereka ndithu pokwatira mayi Annah, koma ankaziona ngati msonkho wina umene mlendo amalipira kuti asavutitsidwe.

Tinayenda mpaka ku Ingagula, mbali ina ya tauni ino. A Fideli, opuma ntchito ngati a Laiton, atamva chimene tadzera anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu angawo dzuwa lawalowa m'mutu? Ng'ombe zawo tinadya kalekale, ndi zikopa zomwe zinatha. Ndikangokhudza nkhaniyi abale anga anditenga ngati wakuba wofuna kudya kawiri. Bwererani kwa abambo ake."

Tinabwerera. A Laiton anati a Fideli akungodzichepetsa, tipitenso tikawanyengerere. Tinapitanso. A Fideli anatipatsa madzi akumwa n'kutilozera njira yomwe tinadzera. Zinapitirira choncho kwa milungu ingapo, akuluakulu awiri akukankhirana mwana mmodzi, aliyense akuti akulemekeza mnzake. Suti ya a Sunday inasanduka yotuwa ndi fumbi la malasha, ndipo thalauza linayamba kuwakulira moti ndinachita kuwabwezera m'chiuno, ulere.

Tsiku lomwe ndinkawasokera thalauzalo, atakhala pakhonde langa atafunda nsalu, a Sunday kudekha kunawathera.

"Madala Sabiti, Loweruka likubwerali ndi lomaliza. Ndikapanda kumupeza mwini mwana, ndikubwerera ku Lupane kukanena kuti mtsikanayo alibe mwini. Kwathu mkazi sititola panjira ngati nkhuni."

Mawa lake kunabwera Shylet, atanyamula nsalu yoyera imene anagula kalekale kuti ndidzamusokere diresi. Anaiika pa makina n'kuyamba kulira. Ana a masiku ano Chichewa chawo n'chosakaniza, koma misozi ndinaimva bwinobwino.

"Ankolo Sabiti, kanti ine ndine wa ndani? Ubaba akuti ndine wa malume, malume akuti ndine wa ubaba. Ngakhale mbuzi ili ndi mwini wake. Privilege akandisiya chifukwa cha izi, anthu adzati ndili ndi chilema chobisika."

Zinandipweteka mtima, ndipo ndinakwiya. Ndinatseka makina masanasana n'kupita kwa a Laiton. Ndinawapeza akuthirira mpiru kuseri kwa nyumba.

"Achimwene, mwana akulira uku. Mukufuna akalambire pakhomo pano?"

"Inunso mwaiwala kwanu, a Sabiti?" iwo anatero osandiyang'ana. "Malume anga ali pansi pa Kamandama. Zonse zimene ndili nazo zinachokera m'manja mwawo. Ndikakhala pampando wa malume wa mwana, ndiye kuti ndanena kuti umalume n'ngwachabe. Ndiponso ndikatero ndiye kuti ndakhala wa kuno, kwathu ndakutaya."

Ndinaona kuti si liuma lokha, mkulu uja anali ndi mantha.

Nthawi yonseyi mayi Annah anali phee. Ine ndakhala ndi akazi awiri, wina anamwalira, ndipo ndikudziwa kuti mkazi akakhala chete pa nkhani ya mwana wake ndiye kuti akuphika kanthu. Ndinangomva kuti Lachinayi atatuluka ku Mvano anatsalira ndi amayi achikulire ochokera ku Malawi, akuwafunsa mwakachetechete za mwambo wa Achewa, mutu ndi mutu.

Loweruka linafika. Ine ndi a Sunday titalowa pageti tinapeza a Fideli atakhala kale pakhonde, ataitanidwa ndi mlongo wawo. A Laiton anali asanabwere, anali pamzere wa buledi kuyambira m'mawa. Panja pa chitseko panali sutikesi yakale yomanga ndi lamba, chipewa cha mumgodi ndi bulangete lopinda bwino. Mayi Annah anali ataima pakhomo manja ali m'chiuno, Shylet akusuzumira pawindo.

A Laiton anafika buledi ali m'khwapa. Anayang'ana katunduyo, n'kuyang'ana akazi awo.

"Amake Shylet, katundu wangayu akutani panja?"

"Ndikutsata mwambo wakwanu, abambo," anatero mayi Annah, m'Chichewa chosalala chimene sindinkadziwa kuti ali nacho. "Ndafunsa ndipo andiuza zonse. Akuti kwanu mwamuna ndi mkamwini, nyumba ndi ya mkazi, ana ndi a mkazi. Akuti mkazi akatopa naye amangomutulutsira bulangete panja, iye n'kumapita. Ndiye mlendo wathu, mwacheza mokwanira. Buledi musiye, ndi wa ana."

A Fideli anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. A Sunday anandikodola kuti ndimasulire, koma ndinawauza kuti adikire kaye.

"Nyumba ya ndani?" anatero a Laiton, mawu akukwera. "Njerwa izi anaumba ndani? Malata awa anakhoma ndani? Chala ichi chinapindika ndi hamala ya ndani?"

"Mkamwini amamanga ndithu. Akamapita nyumba amaisiya."

"Ndasenza malasha a dziko lino mpaka msana kupindika. Ana ndawaphunzitsa ndi thukuta langa, wina uyo ali ku Botswana akuyendetsa ofesi. Shylet atadwala chikuku ndinamubereka kumbuyo ine, ndikuchokera kushifiti, mpaka kuchipatala. Lero munthu andiuze kuti ndichoke ndisiye ana anga?"

"Ana a ndani?" anafunsa mayi Annah mofatsa.

"Anga. Mwagontha? Ndati anga."

Mayi Annah anatembenukira kwa ine.

"A Sabiti, apo pokha masulirani. Mokweza."

Ndinamasulira mokweza, kawiri, kuti ndi oyandikana nawo amene anali atadzaza kale kumpanda amve. A Sunday anavula chipewa, n'kugwada pansi ndi thalauza lomwe ndinawasokera lija, n'kuomba m'manja.

"Yebo, baba. Takupezani."

A Laiton anayang'ana a Fideli ngati munthu wopempha thandizo, koma a Fideli anaimirira, n'kukoka mpando waukulu wa pabalaza n'kuuika pakati pa khonde.

"Khalani apa, alamu. Ine ndikhala pambali panu, ndizikutsinani mukalakwitsa. Umalume wanga simunaulande, ndakupatsani ndekha mpandowu."

A Laiton anakhala pang'onopang'ono, buledi akadali m'khwapa, mpaka Shylet anatuluka n'kudzawalanda. Mtsikanayo anagwada pafupi ndi mwendo wawo ndipo sanachokeponso, ngakhale mwambo umati mtsikana azikhala m'nyumba. Palibe anamuthamangitsa.

Zokambirana zinayenda, ngakhale a Laiton sankadziwa kutchula malowolo. Ankafuna kungolandira nkhuku imodzi, ndipo a Fideli anawatsina ntchafu kangapo mpaka anagwirizana zoti mbali zonse zikhale ndi ulemu. Ine pakamwa panauma ndi kumasulira. Pomaliza a Sunday anapukuta thukuta n'kufunsa funso limene limafunsidwa paliponse pakatha nkhani yotere.

"Tsono baba, ng'ombe sizikhala m'tauni. Zimapita kumudzi kwa mwini mwana. Tikazitule kuti? Kwanu n'kuti?"

Ndinamasulira, mtima uli m'mwamba, poganiza kuti munthu uja atumiza ng'ombe za eni ake wapansi mpaka ku Dedza. A Laiton anayang'ana mkazi wawo, amene anali akulowetsa sutikesi m'nyumba ngati palibe chachitika. Kenako anaika dzanja lawo lamakwinya pamutu pa Shylet.

"Auzeni asapitirire," anatero ndi mawu otsika. "Kwathu afika kale. Khola ndimanga ndekha kuseriku."

Apa sindinachite kumasulira. A Sunday anangogwedeza mutu, anali atamva kale.